Tikiti Yachitatu Inali ya Ba Sajeni

Amene sanakwerepo basi ndi galu asandiuze kuti anthu amawadziwa. Ine ndinakwera naye kuchokera ku Matero mpaka kuseri kwa Mchinji, ndipo mpaka lero ndikaukumbuka ulendowo ndimagwira pakamwa.

Zinali zaka zija mabasi a boma atangofa kumene, aliyense wa kandalama akugula basi yakeyake n'kuilemba vesi kumbuyo. Ine ndinkagulitsa kaunjika pamsika wa ku Matero, uja kuno timati salaula. Achimwene anga a Yotamu anali atangowachotsa ntchito. Anakhala zaka zambiri akulumikiza mafoni pakampani ina ya boma, koma amene anaigula anabwera ndi makina osafuna malipiro. Achimwenewo saona. Chikuku chinawatseka maso ali mwana, ine ndikadali kumsana.

Ndodo yawo ndinali ine. Nditangodziwa kuyenda bwinobwino, amayi anayamba nyimbo yawo: "Enelesi, gwira dzanja la achimwene ako." Kutchalitchi ndine, kuchipatala ndine, kukawasiya kukalasi ya osaona ndine, kukawatenga ndine. Sukulu yanga inathera m'njira zimenezo. Ngakhale nditakwatiwa ndinachita kufuna nyumba mzere womwewo, kuti m'mawa ndiziwaperekeza pokwerera basi ya kuntchito. Bambo athu anabwera ku Lusaka ali mnyamata kudzafuna ntchito, ndipo atamwalira amayi anabwerera kumudzi kwawo ku Malawi. Potsanzika sanandiuze za ana anga kapena za amuna anga. Anangoti, "Usadzamusiye dzanja."

Kenaka anthu ena a mpingo anawatumiza achimwene ku Joni kwa milungu ingapo, ndipo anabwerako ndi galu. Chigalu chachikulu, chofiirira ngati udzu wa m'chilimwe, chovala malamba achikopa okhala ndi chogwirira cholimba pamsana. Dzina anabwera nalo konko: Sajeni. Tsono ku Lusaka munthu womulemekeza sumutchula dzina lopanda "ba" kutsogolo. Achimwene anati, "Wondiwolotsa msewu sangakhale Sajeni chabe ngati mwana. Ndi ba Sajeni." Komboni yonse inaseka, kenaka inazolowera, moti ana ankapereka moni kwa onse awiri.

Ndinene poyera, ine galu sindimukonda. Mmene tinaleredwera, galu ndi wa panja, wodya mikute, womutolera mwala akayandikira poto. Kumuona atagona m'mbali mwa bedi la munthu kunkandinyansa. Ndipo tsiku loyamba kuwaona achimwene akudutsa pakhomo panga osandiitana, mutu uli m'mwamba ngati akukalandira mphoto, ndinakwiya popanda wondiputa. Manja anga ndinasowa powaika.

Uthenga unabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Malume athu anaimba foni kugolosale ya pafupi nafe kuti amayi sakudzukanso pamphasa. "Chakudya sakuchifuna," anatero malume. "Akungofunsa chinthu chimodzi, kuti Yotamu akumugwira dzanja ndani poti Enelesi ali ndi banja lake. Akuti sangapite asanadziwe."

"Auzeni kuti ndikubwera ndi ba Sajeni amene akundiyendetsa masiku ano," anayankha achimwene. "Akadzionera okha." Ndipo anaika foni pansi. Ine ndinali pomwepo, koma sindinamve cholakwika m'mawu amenewo. Tinali titazolowera, moti sitinakumbuke kuti kumudzi sanamvepo za galu.

Amuna anga ndi amene anapita kudepoti dzulo lake kukagula matikiti, ndipo achimwene anawauza kuti agule atatu. Anali ataphunzira. Maminibasi ambiri ankawasiya pamsewu, ndipo tsiku lina atatenga ana anga kupita nawo kumalo a makatungwe m'tauni, mlonda wa pageti anawabweza akuloza chikwangwani choletsa ziweto. Kulozera chikwangwani munthu wosaona! Ndiye anati, "Ndikamulipirira mpando, palibe angandiuze kuti ndi katundu." Wogulitsa matikiti atafunsa mayina, amuna anga anatchula monga timatchulira kunyumba: Yotamu, Enelesi, ba Sajeni.

Kuchoka ku Matero kunalibe vuto, chifukwa makondakitala a mzere wathu ankawadziwa kale. Tinafika padepoti ya mabasi akutali kutangocha, tinadutsa pakati pa mawilibala ndi anyamata oitanira anthu amene amakukoka chikwama usanatchule kumene ukupita. Basi ya ku Chipata tinaipeza ikulira ngati inyamuka pompo. Pakhomo pake panaima kondakitala wamfupi wa malaya ofiira, akukalipira mkulu wina wa chipewa amene anafuna kukhala kutsogolo.

"Mudala, apa osankhala! Apa ni pa ba Sajeni!"

Ndinasuzumira. Mpando wa kutsogolo anali ataupukuta, n'kuyalapo kansalu. Kondakitalayo anali atawerengera kale kuti msilikali akakhala pamenepo, zotchinga zonse za pamsewu zizitseguka zokha. Atalandira matikiti athu anawongola malaya.

"Ba Sajeni bali kuti? Bazabwela na yunifomu?"

"Ni aba," anatero achimwene. Kunyumba amayankhula Chichewa cha amayi, koma akafika pamsewu amatembenuza lilime kukhala mwana wa m'tauni.

Kondakitala anayang'ana kumbuyo kwanga. Anayang'ana kumbuyo kwa achimwene. Kenaka maso ake anatsika pang'onopang'ono mpaka anakumana ndi a galu, amene anali atakhala mwaulemu lilime lili panja.

"Imbwa?" Mawu anachita kumuthawa. "Napitikisa banthu kuchoka m'mamawa chifukwa cha imbwa? Awe! Vinyama vonse viyenda pamwamba, pa kaliyala, pamozi na mbuzi."

"Uyu si chiweto," anatero achimwene mosakweza mawu. "Ali pa nchito. Ni maso yanga. Imwe ba kondakita, maso yanu mumayaika pa kaliyala?"

Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinali ndi manyazi oti nthaka inditsegukire. Khamu linasonkhana, aliyense ndi lamulo lake. Wina anati galu anunkhitsa basi, ngati kuti basiyo inkanunkhira sopo. Wina anati aluma ana. Achimwene sanalimbane nawo. Anangogwira chogwirira chija n'kunena kuti, "Tiyende." Galu anaimirira, anawalambalalitsa thumba la makala, anaima pa sitepe yoyamba mpaka phazi lawo litaipeza, anakwera nawo, n'kulowa pansi pa mpando kudzipinda ngati mtolo wa zovala.

"Mankhwala aya," ananong'ona mayi wina. "Uyo ni munthu, banamusandusa chabe."

Kondakitala anachotsa kansalu kake mokwiya, koma matikiti anali atagulitsa kale. Walira mvula walira matope.

Kudikira kunali kwa mtundu wake. Theka la anthu amene tinawapeza m'mipando sanali apaulendo, anali olembedwa ganyu yokhala pansi kuti basi ioneke yodzaza, ndipo wapaulendo weniweni akalowa mmodzi wa iwo ankatuluka mwakachetechete. Dalaivala ankaponda mafuta, kusuntha basi pang'ono, n'kuibwezanso. Nthawi iliyonse anyamata akamenya chitsulo cha basi n'kukuwa kuti "Tiyende! Tiyende!", ba Sajeni ankadzambatuka kukonzeka, chifukwa liwu limenelo ndi la ntchito yawo. Anadzuka kangapo konse, kenaka anazindikira kuti anyamata a padepoti ndi abodza ndipo anasiya kuwamvera. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, madzi a m'botolo langa atafunda.

Titangodutsa Chongwe ndinamva kachinthu kakulira kumbuyo kwanga. Pampando wotsatira panali mayi wa kumayadi, wa wigi ndi magalasi akuda, amene kuyambira kudepoti anali atatseka mphuno ndi kampango. Ndikhulupirira galimoto ya amuna ake inapita limodzi ndi kampani, apo ayi sakanakhala nafe. Pamiyendo pake panali dengu lofunditsidwa thaulo. Thaulo linayenda, ndipo panatuluka kamutu koyera kaubweya. Kagalu, abale, kovala juzi! Mu Okutobala! Juzi yakeyo inali yabwino kuposa zina zimene ndinkagulitsa pamsika.

"Manje ichi ni chani futi?" anafuula kondakitala.

"Ni Pinki," anatero mayiyo. "Ngati imbwa ya aba yangena, na wanga angena. Nayeve ali pa nchito. Nikamugwila so, bipi yanga iseluka pansi."

Achimwene anatembenuka n'kufunsa mwaulemu kuti kagaluko kanaphunzira kuti ntchito imeneyo. Mayiyo anati Pinki safunika kuphunzira, ndi mwana wake, amagona naye pabedi. Kondakitala anangobwerera pakhomo pake. Lamulo lake linali litatulukira pazenera kudepoti kuja, ndipo aliyense anaona.

Pa Rufunsa tinaima kuti anthu adzithandize. Pobwerera ndinangoona mkulu wa chipewa uja, yemwe anamuthamangitsa pampando wa kutsogolo, akulowa atanyamula mbuzi pachifuwa ngati mwana wodwala. Anali ataimasula pa kaliyala.

"Mbuzi iyi ili pa nchito kupambana onse muno," anatero. "Ikupita kukapepesa mlandu kwa apongozi ku Sinda. Ikafa na dzuwa pamwamba apo, ukwati wanga wafa. Kapena ukwati wanga ni waung'ono kuposa bipi ya amayi awa?"

Mayi wina anatsitsa nkhuku zake, nazonso akuti zinali ndi ntchito kumaliro. Tinalowa m'mapiri a Manenekela basi itasanduka khola, ikukwawa pamaenje, fumbi likulowera pansi, kutentha kukutsikira pamwamba. Pinki ankauwa mbuzi, mbuzi inkadya mphonje ya chitenje changa, nkhuku zinkapuma kukamwa kuli yasa. Mwa zamoyo zonse zimene zinali m'basimo, kuphatikiza anthufe, amene sanadandaule ndi ba Sajeni okha.

Pa Luangwa tinatsika tonse pafupi ndi mlatho, pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Ine mosaganiza ndinati, "Ba Sajeni, tsikani mumweko madzi," ndipo kamsilikali kena kachinyamata kamene kanali kataima pambali kanawongoka mwadzidzidzi n'kuponya maso uku ndi uku. Sindinakafotokozere. Mwamuna wina wa m'basi mwathu anafuna kuyesa, anatenga nsomba yowotcha n'kumaizunguza pamphuno pa galu. Galu anayang'ana kumbali ngati mpongozi. Munthuyo anaiponya pansi, pakati pa miyendo yake penipeni. Sanaikhudze.

"Ali pa nchito sadya," anatero achimwene. "Ndipo salandila cha m'manja mwa munthu mpaka ine nimuvule malamba."

"Ngakhale ine siningakwanise," anatero munthuyo akutola nsomba yake.

Tsoka linatipeza titawoloka, basi ikukwera chitunda cha ku Kacholola. Mwana wina wa mpando wapakati ankadya nsomba. Pinki anadumpha kuchoka m'dengu, anatsomphola nsombayo pamodzi ndi chala cha mwana. Mwana analira mokuwa. Mbuzi inadzidzimuka, inapulumuka m'manja mwa mwini wake, inathamanga m'kanjira ka pakati kudumpha zikwama, mpaka inakalowa m'miyendo ya dalaivala. Basi inapotokera kumanzere. Ndinaona mitengo ikubwera pazenera, ndinamva miyala ikulira pansi, azimayi akuitana Yesu m'zilankhulo zitatu. Titaima, tayala la kutsogolo linali pamphepete penipeni, ndipo kunsi kwake kunali chigwa choti munthu sungaone pothera.

Dalaivala anali munthu wamkulu thupi amene sanayankhulepo kuyambira ku Lusaka. Anaimirira, thukuta likuchita kudontha pachibwano.

"Chilichonse cha mendo folo, pamwamba olo pansi! Manje manje!"

Mbuzi inabwerera pa kaliyala mwini wake osatsutsa. Anthu angapo anayesa kunenera achimwene. Mwamuna wa nsomba uja anati, "Ba dalaiva, iyi ikulu siinachite kanthu. Onani, ikali gone pamene inagona." Zinali zoona. Pa chipwirikiti chonsecho ba Sajeni anangoika mutu paphazi la achimwene.

"Imbwa ni imbwa," anatero dalaivala. "Nifuna kufika wamoyo."

Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Ndinatuluka kukayang'ana kaliyalayo. Zitsulo zake sukanazigwira ndi dzanja, ndipo mbuzi ankazimanga miyendo n'kuzigoneka padzuwa pakati pa matayala ndi matumba. Nditawafotokozera achimwene, anangoti, "Titsitsireni chikwama."

Chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. Potuluka ndinayang'ana mayi wa kumayadi uja. Dengu lake linali lopanda kanthu, koma pamsana anali atabereka kanthu ndi chitenje chobwereka, atafunditsa mpaka kumutu, akukagwedeza ngati khanda. Kamchira koyera kankaonekera m'munsi. Anthu onse anakaona, kondakitala anakaona, koma aliyense anayang'ana pazenera. Kagalu koluma mwana kanapitiriza ulendo kali kumsana, ndipo galu wa ntchito anatsala m'tchire pamodzi ndi ife.

Basi itazimiririka ndinaphulika. Pamalopo panalibe nyumba, panalibe mthunzi wooneka, nyenje zokha zikulira m'mitengo youma.

"Achimwene, mutu wanu ukuyenda bwino? Amayi akufa uko, inu mukutsika basi chifukwa cha galu? Mukanamupatsa munthu pa Luangwa akusungireni! Ine ndilipo. Dzanja ili lakuyendetsani moyo wanu wonse, lalephera lero?"

Anakhala pachikwama, anathira madzi m'chikhato n'kumwetsa galu. Kenaka anati, "Ene, dzanja lakolo ndi limene likuwaletsa amayi kupuma. Ukuganiza kuti akufunsa za ine ndekha? Akudziwa chimene anakumangirira. Ndikakalowa m'nyumba muja utandigwira iwe, ndiye kuti ndawayankha kuti palibe chasintha."

Ndinapita kukakhala patali, ndinawafulatira onse awiri.

Magalimoto pamsewu umenewo masiku amenewo ankadutsa mwa apo ndi apo. Ina inaima, inaona galu, inapitirira. Minibasi ina inatiuza kuti anthu akwere koma galu azithamanga pambuyo. Wina wa galimoto yaing'ono anafuna kumugula kuti akamulondere sitolo. Dzuwa linapendeka, madzi anatha, ndipo maganizo anga anali pa chinthu chimodzi, kuti mwina pamene takhala pano kumudzi ayamba kale kulira. Ndinatukwana Pinki, ndinatukwana mbuzi, ndinatukwana ndi a mpingo amene anapereka galu osapereka galimoto yake.

Chimene chinatitola ndi chilole cha feteleza. Dalaivala wake anali wa ku Kopabeluti, wa nthabwala, thaulo lili pakhosi. Nditayamba kufotokoza za galu anandidula.

"Ba mayo, ine nanyamulapo malilo, nanyamulapo nkhumba, nanyamulapo na bandale pa kampeni. Imbwa ni chani? Kwelani."

Tinakhala pamwamba pa matumba, lona atatikokera kuti itichitire mthunzi. Pa Nyimba anatigulira nthochi. Tisanafike Petauke tayala linaphulika, ndipo tinakhala pambali pa msewu nthawi yaitali iye akulimbana ndi jeke yosafuna kukwera. Sinda ndi Katete ndinaziona ndili m'tulo ta kutopa, mutu ukugunda chinthu chofunda chimene pambuyo pake ndinazindikira kuti ndi nthiti za ba Sajeni. Ku Chipata tinagona kwa msuweni wathu, amene anatilandira bwino koma anati galu m'nyumba mwake ayi. Achimwene anatenga mphasa n'kukagona naye pakhonde.

M'mawa mwake tinakwera takisi yothithikana mpaka pachipata cha dziko. Kumeneko ndinkayembekezera nkhondo ina, koma ogwira ntchito pamenepo anangoyang'ana mapepala a katemera wa galu nthawi yaitali kuposa athu, anaitana anzawo kuti adzaone, n'kutiuza kuti tiyende bwino. Kuchokera apo ndi matola mpaka pa boma la Mchinji, matola enanso mpaka pamphambano ya kwathu. Chotsala chinali kanjira ka m'minda.

"Khala kumbuyo," anatero achimwene. "Uzingonena kuti kumanja kapena kumanzere. Usandigwire, ngakhale ndipunthwe."

Sanapunthwe. Ndinkayenda pambuyo ndi chikwama pamutu, ndikumvetsera ngati kukumveka kulira. Kunalibe. Mtima unakhala pansi pang'ono, mpaka titatulukira pabwalo. Pamenepo ndinaima chilili. Bwalo linali losesedwa mpaka kunjira. Ana anali atasamba ndi kudzola mafuta. Pansi pa mtengo wa mango panali mpando wabwino wobwereka kwa aphunzitsi, atauyala nsalu yoyera. Fungo la nkhuku linkachokera kukhitchini. Malume anatuluka atavala jekete ndi tayi, kutentha konseko.

Anatipatsa moni mwachangu, maso ali kunjira kumene tachokera.

"Nanga a Sajeni atsalira kuti? Kapena akubwera pa galimoto ya boma?"

Apa m'pamene mawu a pafoni aja anandibwerera.

"Ndi awa, malume," anatero achimwene.

Malume anachita chimodzimodzi ngati kondakitala uja, kuyang'ana kumbuyo kwanga, kumbuyo kwa achimwene, kenaka pansi. Koma iwo sanakuwe. Anatikokera pambali.

"Ana inu, mwatichita chipongwe chotani? Mlongo wanga wauza mudzi wonse kuti boma lapatsa mwana wake msilikali. Dzulo wamwa phala koyamba, akuti apeze mphamvu zomuthokozera munthuyo ndi kumupempha kuti asadzakusiye iwe Yotamu. Lero mukamuuze kuti ndi galu? Mumupha! Mangani chinthuchi kumtengo uko. Enelesi, gwira mlongo wako dzanja mulowe. Tinena kuti a Sajeni aitanidwa kuntchito."

"Amayi akangondiona ndikuyenda, amvetsa," anatero achimwene.

"Akuone ndi chiyani? Maso ake anachita ng'ala chaka chatha. Saona ngakhale chitseko."

Palibe anali atatiuza. Ndinayang'ana achimwene. Nkhope yawo inagwa mmene sindinaionerepo, ngakhale tsiku limene anawachotsa ntchito. Ulendo wonse uja, kutsika basi m'tchire, kugona pakhonde, zonse kuti amayi adzaone, ndipo amayi saona. Dzanja langa linanyamuka lokha kupita kwa iwo monga mwa masiku onse.

"Ndamva mawu a Yotamu." Anali amayi, m'nyumba, mawu ang'ono ngati a mwana. "Bwanji simukulowa?"

Achimwene anawongoka. "Tiyende," anatero.

"Galu salowa m'nyumba muli wodwala!" anatero malume, koma anali atachedwa. Ba Sajeni anawalambalalitsa mtondo, anawadutsitsa pakati pa ana amene anabalalika, anaima pakhonde mpaka phazi litapeza pokwera, n'kulowa nawo. Ine ndinatsala pakhomo, ndikusuzumira. Amayi anali atagona pamphasa, atachepa moti bulangete linkaoneka ngati mulibe munthu. Achimwene anagwada pambali pawo.

"Enelesi ali kuti?" anafunsa amayi.

"Ndili panja pano, amayi."

Anamvetsera kumene mawu anga achokera. "Nanga wakulowetsa ndani?"

"A Sajeni, amayi. Ndi awa."

Anatenga dzanja la amayi n'kuliika pamutu pa galu. Ndinatseka maso kudikira mfuu. Sinabwere. Nditatsegula, zala zawo zinali kuyenda pang'onopang'ono, pamakutu, pakhosi, pamalamba, mpaka pa chogwirira pamene panali dzanja la achimwene.

"Galu," anatero.

"Inde, amayi."

"Samakuthawa akaona anzake?"

"Ayi. Dzulo basi inatsala pang'ono kugwa, iye sanachoke paphazi panga."

"Wamuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Anapita kusukulu, amayi. Kuli sukulu yake ya ntchito imeneyi."

"Iyeyu anapita kusukulu," anabwereza amayi. Anatembenuzira nkhope kukhomo kumene ndinaima. Ine ndinayang'ana pansi.

Kenaka anaitana malume. "Achimwene, nkhuku ija yapsa? Bweretsani nthutumba."

"Mlongo, nthutumba ndi ya mlendo wolemekezeka. Anthu akamva kuti..."

"Nkhukuyo inafera ndani? Bweretsani."

Malume anabwera nayo m'kambale, nkhope ili kumbali. Amayi anaitenga n'kutambasula dzanja. Galu anayang'ana kukhoma.

"Akukana? Kapena tawalakwira powasiya padzuwa?"

"Ali pa ntchito, amayi. Sadya asanaweruke." Achimwene anamasula malamba aja, anawachotsa n'kuwaika pansi. "Mwaweruka, ba Sajeni. Landirani."

Galu anadzigwedeza thupi lonse, mchira unayamba kumenya mphasa, ndipo anatenga nthutumba ija m'zala za amayi mofatsa, n'kunyambita chikhato chawo. Amayi anaseka. Kaphokoso kochepa, koma kanali kuseka.

"Enelesi, bwera kuno."

Ndinalowa n'kugwada. Anafufuza mpaka anapeza dzanja langa lamanja, limene ndinali nditalifumbata osadziwa. Anayamba kulitambasula chala chimodzichimodzi mpaka lonse litatseguka, n'kulisisita pakati.

"Nawenso weruka, mwana wanga," anatero. "Ndinakuchedwetsa."

Ndinalira ngati mwana, pamaso pa malume, pamaso pa galu.

Amayi anatisiya mlungu womwewo, ali m'tulo. Pobwerera ku Lusaka tinagulanso matikiti atatu, koma ulendo uno ndinapita ndekha kukafotokoza bwinobwino kuti ba Sajeni ndi ndani. Ine ndinakhala kuzenera, manja onse awiri ali pamiyendo panga.